M'mapazi mwa zigawenga zakale za ku Joni

Ndi midzi yochepa ku Malawi, kummawa kwa Zambia ndi ku Tete imene silidziwa dzina la Joni. Agogo athu anapitako pa Wenela, ena pa selufu, ndipo ena anatchona mpaka kufera komweko. Obwerera ankasimba za migodi, masuti ndi magalamafoni. Koma mzinda wa Johannesburg, umene unayamba mu 1886 golide atapezeka, uli ndi mbiri inanso: ya magulu a zigawenga amene ankadya thukuta la anthu apantchito. Malo amene maguluwa ankachitira zawo alipobe, ndipo amene angawayendere mwachifatse aona kuti uchifwamba wamagulu sumera pawokha ngati bowa. Umamera pamene anthu osauka asiyidwa opanda chitetezo, ndipo oyamba kuulira amakhala osauka omwewo.

Mapiri a Klipriviersberg

Ulendowu uyambire kummwera, pafupifupi makilomita 10 kuchokera pakati pa mzinda, pamene pali mapiri amiyala a Klipriviersberg. Kuyambira mu 1984 malowa ndi osungirako zachilengedwe. Mbidzi ndi nyumbu zimadya msipu mosatekeseka, ndipo m'tchiremo muli zipupa zamiyala za midzi yakale ya Atswana. Ukaima pamwamba, mzinda umaoneka patali, phokoso lake osamveka.

M'zaka za m'ma 1890 mapanga ndi zigwa za kuno zinali likulu la Mzuzephi Mathebula, wodziwika ndi dzina loti Nongoloza, amene anabadwa mu 1867. Wolemba mbiri Charles van Onselen akufotokoza kuti ali mnyamata, Nongoloza ankasamalira mahatchi a mzungu wina ku Harrismith. Hatchi imodzi itasowa, bwanayo anagamula kuti mnyamatayo ailipire pogwira ntchito yopanda malipiro. Iye anathawa, ndipo pambuyo pake anadzakhala mtsogoleri wa amuna othawa m'migodi, osowa ntchito ndi opanda zitupa amene ankabisala m'mapiriwa. Gululo analipatsa dzina loti Ninevites, kutengera mzinda wa Nineve wa m'Baibulo, n'kulikonza ngati boma: linali ndi akuluakulu a nkhondo, oweruza ndi malamulo akeake. Pofika mu 1912 linali ndi anthu pafupifupi 1,000.

Chiyambi chake chinali kukana nkhanza, koma ambiri mwa oberedwa sanali eni migodi. Anali antchito obwerera kwawo wapansi, ndalama za miyezi yambiri atazimanga m'chiuno. Zigawengazo zinkadzionetsa ngati apolisi, n'kuimitsa munthu kuti aonetse chitupa, iye ali kalikiliki kufufuza m'matumba, anzawo n'kumulanda zonse. Lamulo la zitupa, limene linaikidwa kuti limange wantchito, linasanduka khasu la mbava.

Ndende ya Number Four

Kuchoka kumapiri, msewu wolowera kumpoto umadutsa pakati pa mzinda n'kukwera chitunda cha pakati pa Braamfontein ndi Hillbrow. Apa pali Old Fort, ndende imene boma la Paul Kruger linamanga m'zaka za m'ma 1890. Chigawo cha amuna achikuda chinkatchedwa Number Four. Zipinda zake zakuda, zitseko zachitsulo ndi bwalo lodyera loyang'anizana ndi zimbudzi zasungidwa kuti alendo azidzionera okha.

M'zipinda ngati zimenezi ndi mmene magulu a zigawenga ankapezera anthu atsopano. Mnyamata womangidwa chifukwa chosowa chitupa ankagona chipinda chimodzi ndi mbanda. Usiku alonda akatseka zitseko, ufumu unali wa anyapala: iwo ndiwo ankanena wogona pabwino, wofunda bulangete ndi wogona pafupi ndi chimbudzi. Wofuna kupulumuka ankalowa gulu, ndipo potuluka anali munthu wina. Mu 1954 mtolankhani wa magazini ya Drum, Henry Nxumalo, anadzimangitsa dala kuti aone za m'katimo, ndipo mnzake Bob Gosani anajambula mobisa akaidi akusechedwa ali maliseche.

Nongoloza mwiniwake anadzasiya uchigawenga, nakhala mlonda wa ndende, ndipo anamwalira mu 1948. Koma mbewu yake inali itamera kale: magulu a 26, 27 ndi 28 amene akuvutitsa m'ndende za ku South Africa mpaka lero amamutchula monga kholo lawo. Ndendeyi inatsekedwa mu 1983. Mu 2004 pamalopa panatsegulidwa khoti lalikulu loona za malamulo oyendetsera dziko, ndipo zina mwa njerwa za ndendeyo zinalowa m'makoma ake.

Phanga la ku Kensington

Uchifwamba ulibe khungu. Kummawa kwa mzinda, m'chitunda cha ku Kensington, muli phanga limene mu Seputembala 1914 munabisala William Foster, John Maxim ndi Carl Mezar, azungu amene anaba ndi kupha anthu, kuphatikizapo apolisi. Boma linatseka misewu yonse powasaka, ndipo pa 15 Seputembala wapolisi anaombera galimoto imene sinaime pachotchinga ku Langlaagte, napha Koos de la Rey, mkulu wa asilikali wotchuka pa nkhondo ya Maburu ndi Angerezi. Atazingidwa, atatuwo pamodzi ndi mkazi wa Foster anafera m'phangamo ndi zipolopolo zawo zomwe. Chofunika kukumbukira apa ndi changu cha boma: zigawenga zitatu zitaopseza madera a azungu, mzinda wonse unagwedezeka. Madera awiri otsatirawa sanaone changu chotere.

Sophiatown

Kumadzulo kuli Sophiatown, amodzi mwa malo ochepa mmene munthu wachikuda ankaloledwa kugula puloti. M'zaka za m'ma 1940 ndi 1950 munali oimba, olemba nkhani ndi andale, komanso magulu monga Americans, Berliners, Gestapo ndi Vultures. A Americans ankatchena zovala zodula zochokera ku America, ndipo ankaba katundu kunjanji ndi m'masitolo a m'tauni n'kumagulitsa motchipa m'makomo. Pa chifukwa chimenechi anthu ambiri ankawatamanda, ndipo ana ankakula akusirira nsapato zawo. Wogula chobedwa ankati wapeza mwayi, osadziwa kuti akulera mpeni umene udzam'dikire pakona Lachisanu akalandira malipiro.

Pa 9 Febuluwale 1955 apolisi 2,000 anafika m'mamawa. Sanabwere kudzagwira atsotsi, koma kudzasamutsa mabanja kupita ku Meadowlands. M'zaka zotsatira anthu oposa 60,000 anachotsedwa, nyumba zawo n'kugumulidwa, ndipo deralo linapatsidwa dzina loti Triomf mpaka mu 2006 pamene dzina lakale linabwezeretsedwa. Lero mlendo amapeza misewu yabata, tchalitchi cha Christ the King mmene munkatumikira bambo Trevor Huddleston, ndi nyumba ya Dr A.B. Xuma. Uchigawenga sunagwe ndi makoma aja; unangosamuka pamodzi ndi umphawi. Komabe Sophiatown akuphunzitsanso kuti mwana wosochera sataya: Don Mattera, amene ankatsogolera Vultures, anadzakhala mlakatuli ndi mtolankhani wolemekezeka, ndipo mpaka imfa yake mu 2022 ankalangiza achinyamata kuti asatsate njira imene iye anadutsamo.

Alexandra

Ulendo uthere kumpoto chakummawa, ku Alexandra, dera lothithikana loyang'anizana ndi nsanja zagalasi za ku Sandton, pakati pali msewu waukulu wa M1. Linakhazikitsidwa mu 1912, ndipo kwa zaka zambiri linkatchedwa Dark City chifukwa munalibe magetsi. Nelson Mandela anachitako lendi kachipinda kuno atangofika mumzinda. Mu 12th Avenue muli nyumba imene imaonetsedwa kwa alendo monga likulu la gulu la Msomi.

Nkhani ya gululi ndi imene ogwira ntchito zachitukuko ayenera kuitchera khutu kwambiri. M'zaka za m'ma 1950 gulu la Spoilers linkazunza anthu, apolisi osachitapo kanthu. Amalonda ena, motsogozedwa ndi Shadrack Matthews, anasonkhanitsa anyamata oti aziwateteza. Poyamba anthu anapuma. Koma atagonjetsa adani awo, otetezawo sanabwerere kunyumba. Anayamba kutolera ndalama za chitetezo kwa eni magolosale ndi eni matakisi, kulanda malipiro a antchito potsika basi, ndi kupha okana. Dzina lawo lenilenilo analitenga kwa Elifasi Msomi, chigawenga chopha anthu ndi nkhwangwa ku Natal. Anthu ankaopa kukadandaula poganiza kuti apolisi ena ankadya nawo. Mpaka mu 1958 ndi pamene ambiri a gululi anamangidwa, ndipo Matthews anaweruzidwa kuti anyongedwe. Anthu a ku Alexandra anathawa fisi n'kukabisala kwa mkango.

Zobwera nazo kumudzi

Akuluakulu anati chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. M'madera athu ambiri kuba ng'ombe, chimanga cham'munda ndi katundu wa m'magolosale kwachititsa anthu kukhazikitsa magulu olondera usiku. Ntchitoyi ndi yabwino, pakuti mutu umodzi susenza denga. Koma nyumba ya mu 12th Avenue ikutisiyira mafunso oyenera kufunsidwa pamsonkhano wa mudzi gulu lisanayambe ntchito. Kodi olonderawo akusankhidwa ndi yani, ndipo angachotsedwe ndi yani? Kodi ndalama zosonkha zikulembedwa m'kaundula n'kuwerengedwa poyera? Kodi banja losowa chopereka litetezedwabe? Kodi wogwidwa akuperekedwa kupolisi wamoyo ndi wosavulazidwa? Tsiku limene chopereka chaufulu chisanduka msonkho wokakamiza, mlonda wayamba kusanduka mbala.

Malo enawo nawo ali ndi mawu. Number Four ikutichenjeza kuti mwana wolakwa pang'ono akatsekeredwa pamodzi ndi mbanda amabwerako ataphunzira ntchito yawo, choncho milandu ing'onoing'ono ya ana ndi bwino kuithetsa pothandizana makolo, mafumu ndi alangizi a zachisamaliro cha anthu monga malamulo alolera. Sophiatown akutikumbutsa kuti feteleza kapena nyama yotchipa modabwitsa ili ndi mwini amene akulira kwina. Ndipo mapiri a Klipriviersberg, kumene lero kukudya mbidzi, akusunga nkhani ya mnyamata amene anakanizidwa chilungamo pa mlandu wa hatchi imodzi, dziko lonse n'kulipira mlanduwo kwa zaka zoposa 100.