Ulendo wa ku Chisemphere: Mapazi Awiri, Njira Ziwiri

Sabata litatha, m'mawa wa tsiku lotsatira tinakwera minibasi pa boma la Kasungu kulowera kumpoto pa msewu wa M1. Tinali anthu anayi a nthambi ya zaumoyo ya mpingo wathu. M'chikwama munali makina oyezera shuga, oyezera kuthamanga kwa magazi, ndi kachingwe ka nayiloni koyezera ngati phazi likumva kukhudza. Phiri la Kasungu linatsalira kumbuyo, tinawoloka Dwangwa, kenaka dziko linangoti see. Unali mwezi wa Meyi. Zigafa zinali mbali zonse, ndipo malole odzaza mabelo a fodya ankatidutsa kulowera ku msika wa Chinkhoma.

Titatsika, akabaza anatitengera kumudzi wina wa m'dera la Chisemphere. Kuno anthu amalonjera m'Chichewa ndi m'Chitumbuka momwe. Alimi ambiri, makamaka abale athu a mu mpingo, amalima soya ndi mtedza, ndipo minda ya soya inali itangokololedwa, mwatsala ziputu zakuthwa ngati misomali.

Tinayala zipangizo pansi pa mtengo wa mango. Woyamba kufika anali bambo wina wa zaka za m'ma 50, akuyendera ndodo ziwiri, mwendo wa thalauzi wakumanzere utapindidwa pa bondo. Anatiuza kuti zaka zitatu zapitazo anaponda msomali m'chigafa ndipo anauzindikira madzulo, ataona magazi pa patapata. Popeza sipankapweteka, anangothirapo phulusa. Kenaka ankapita kokamangitsa bandeji, koma kwa miyezi iwiri panalibe anayeza shuga wawo kapena kuwauza kuti asapondere phazilo. Pomwe ankafika ku chipatala chachikulu ku Lilongwe, zala zinali zitada ndipo fupa linali litagwidwa. Madokotala anadula mwendo kuti apulumutse moyo.

N'chifukwa chiyani msomali sunawapweteke? Shuga akakhala wokwera kwa zaka zambiri amawononga mitsempha yomwe imatiuza kuti tabayidwa kapena tapsa. Phazi limayamba kuchita dzanzi kapena kutentha usiku, kenaka limasiya kumva. Shuga yemweyo amachepetsa njira za magazi, ndipo kusuta fodya kumawonjezera vutoli. Magazi akachepa, chilonda chimachedwa kupola ndipo tizilombo timaswana mosavuta. Kafukufuku wa Unduna wa Zaumoyo ndi bungwe la WHO wa mu 2009 anapeza kuti pafupifupi anthu 6 mwa 100 alionse a zaka 25 mpaka 64 m'Malawi anali ndi shuga. Ambiri odwala matendawa sadziwa kuti ali nawo.

Chakumasana kunabwera mayi wina atamanga phazi ndi kansalu ka chitenje. Chiputu cha soya chinawabaya kumphako kwa chala chachikulu masiku asanu ndi limodzi apitawo. Bala linali laling'ono ngati njere ya chimanga, lozunguliridwa ndi khungu lolimba. Koma chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Phazi linali lotupa ndi lofunda, ndipo titafinya pang'ono pambali panatuluka mafinya. Tinawagunda ndi kachingwe kaja pansi pa zala ndi pa chikhatho cha phazi, iwo atatsinzina, ndipo sanamve ngakhale pamodzi. Shuga wawo anali wokwera kwambiri.

“Amayi, ichi si cha ife,” tinawauza. “Mawa lomwe mukaonane ndi adokotala.”

Amuna awo anakanda kumutu. Mabelo awo anayi anali asanagulidwe, ndipo m'nyumba munalibe ya thiransipoti. Anapempha kuti tidikire masabata awiri.

Bambo a ndodo aja, omwe anali chikhalire pa benchi, anayankha ife tisanatsegule pakamwa. “Achimwene, inenso ndinadikira mabelo. Ndalama inabwera, koma onani chomwe inapeza.” Anagwira thalauzi lopindidwa lija. Panakhala bata. Madzulo amenewo amayi a Dorika anasonkha kangachepe, ndipo amuna aja anagulitsa thumba la soya.

Tisanabalalike tinawafotokozera zomwe chithandizo chabwino cha chilonda chotere chimakhala nacho, kuti akathe kufunsa mwaulemu. Wachipatala amayeza shuga ndi kupereka mankhwala omutsitsa, mwina jakisoni wa insulin. Amagwira pamwamba pa phazi ndi kuseri kwa kamfundo kuti amve ngati magazi akugunda. Amapala mnofu wakufa ndi khungu lolimba lozungulira bala, pakuti chilonda sichipola pansi pa zinyalala. Akaona mafinya amapereka mankhwala opha tizilombo, ndipo bala likakhala lakuya amajambula fupa. Chomwe chimaiwalika kawirikawiri n'chakuti phazi lisaponde pansi: pamafunika ndodo, nsapato yapadera, kapena chikhakha ngati chomwe amaika wothyoka.

Nzeru ya chikhakhayi inachokera kwa odwala khate, omwenso mapazi awo samva ululu. Dokotala Paul Brand anaigwiritsa ntchito ku India, kenaka ku America anaonetsa kuti imathandizanso odwala shuga. Chipatala chathu cha Malamulo ku Thyolo chinasamalira akhate kwa zaka zambiri, choncho mapazi osamva si achilendo kwa ife. Ku Tanzania, Dokotala Zulfiqarali Abbas ndi anzake anayambitsa maphunziro otchedwa Step by Step, ophunzitsa madokotala ndi anamwino a m'zigawo kuyeza mapazi ndi kutumiza odwala msanga, ndipo odulidwa miyendo anachepa.

Kwa munthu wa ku Chisemphere, njira imayambira pa chipatala chapafupi, monga Kaluluma kapena Nkhamenya, n'kupita ku chipatala cha boma ku Kasungu. Akatswiri a opaleshoni ali ku Kamuzu Central ku Lilongwe, makilomita pafupifupi 130 kuchokera pa boma, kapena ku Mzuzu Central. Sitepe iliyonse imadya masiku ndi ndalama, ndipo phazi lotupa lilibe masiku ambiri. Bambo aja tinawauza kuti ku zipatala ziwiri zazikuluzi kuli malo opangira miyendo yochita kupanga, omwe anakhazikitsidwa ndi thandizo la bungwe la 500 miles la ku Scotland. Anali asanamvepo.

Dzuwa likupendeka tinaphunzitsa onse otsala kuyang'ana mapazi usiku uliwonse, pansi ndi pakati pa zala, ndi galasi kapena pothandizidwa ndi mdzukulu. Asayende opanda nsapato, agwedeze nsapato asanavale, asawothe mapazi pafupi ndi mbaula mu Juni, asadzicheke ndi lezala, ndipo agone m'masikito opisira bwino chifukwa makoswe amaluma phazi losamva.

Patatha miyezi iwiri tinalandira foni kuchokera kwa mkulu wa mpingo wa kumeneko. Mayi aja anagonekedwa masiku khumi, anawapala bala kawiri, ndipo tsopano likutseka. Zala zonse zisanu zilipo. Ndodo zomwe akuyendera anabwereka kwa bambo aja, omwe anapita ku Lilongwe ndipo anabwerako akuyenda ndi mwendo watsopano.