Mavoti Sayeretsa Madzi

Lero nkhani ndi yaitali pang'ono, conde pezani pokhala muwerenge mpaka kothera.

M'caka ca 1882, mlembi wa ku Norway, Henrik Ibsen, anatulutsa sewero limene m'Cingerezi amalichula An Enemy of the People, kutanthauza mdani wa anthu. Nkhani yake ili tere. M'tauni ina ya m'mbali mwa nyanja anamanga malo osambira, kumene odwala ocokera kutali anali kubwera kuti madziwo awathandize kupeza bwino. Tauni yonse inali kudyera pa alendo amenewa. Dotolo wa pamalopo, a Thomas Stockmann, anaona kuti alendo ena akudwala m'mimba. Anatumiza madzi ku yunivesite kukapimitsa, ndipo yankho linabwera lakuti muli tizilombo. Zonyansa zocokera kofufutira zikopa zinali kulowa m'mapaipi.

Adotolo anaganiza kuti anthu adzawathokoza. Poyamba zinaoneka conco, kaili Hovstad wa nyuzipepala ndi Aslaksen wosindikiza analonjeza kuima nawo. Koma meya wa tauniyo, a Peter Stockmann, mkulu wao weniweni wa adotolo, anabwera ndi masamu. Kukonza mapaipi kufuna ndalama zambirimbiri, malowo atsekedwe pafupifupi zaka ziwiri, ndipo olipira ndi eni tauni omwewo. Basi, onse anatembenuka. Nyuzipepala inakana kusindikiza zimene adotolo anapeza. Pamsonkhano anawaletsa kukamba za madzi, kenako anthu anavota ndi timapepala kuti a Stockmann ndi mdani wa anthu. Amene anavota mosiyana anali mmodzi cabe, munthu woledzera.

M'mawa mwake mawindo a nyumba yao anali ophwanyika ndi miyala. Nchito inatha. Mwini nyumba anawapatsa notisi. Mwana wao Petra anacotsedwa pa uphunzitsi. Kapitawo Horster, amene anabwereketsa cipinda ca msonkhano, analandidwa sitima. Cimene cimandigwira mtima ndi cakuti ambiri mwa ocita zimenezi analibe cidani ndi adotolo. Aliyense anali kungodandaula kuti akuopa anzake, sangacitire mwina. Mantha a munthu mmodzimmodzi atasonkhana pamodzi, anasanduka cigamulo ca tauni yonse.

Manje ine wa pamsika, anthu a m'tauni ija ndimawamvetsa. Ife timadziwa tanthauzo la mau akuti "tatseka". Kolera itavuta mu Lusaka kumayambiriro kwa 2018, misika ina inatsekedwa, ogulitsa m'misewu anacotsedwa, asilikali anabwera kudzayeretsa. Tomato sadikira kuti msika utseguke. Cilimba sicidikira, lendi sidikira, mwana wa kusukulu sadikira. Conco munthu akamva kuti coonadi cimudyera zaka ziwiri za malonda, mtima umathamangira kunena kuti adotolo akunama. Njala ili ndi pakamwa pakulu kupambana cikumbumtima.

Koma olo tauni yonse ivote, tizilombo m'madzi sitimva. Atamaliza kuwerenga timapepala tija, madzi anali oipa cimodzimodzi, ndipo mlendo wobwera kudzasamba akanadwala ndithu. Apa ndi pamene pali fupa la seweroli. Kuculuka kwa anthu kungasankhe meya, koma sikungasandutse bodza kukhala coonadi.

Tinaleredwa ndi miyambi yabwino. Mutu umodzi susenza denga. Kali kokha n'kanyama, tili tiwiri n'tianthu. Ndi zoona, ndipo pamaliro kapena pamatenda timaona phindu lake. Koma miyambi yomweyo nthawi zina imasanduka cingwe comangira munthu pakamwa. Ndaonapo pamsika meda yophwanyidwa pansi kuti ilowe zocepa, ndi sikelo yobera, mzere wonse ukudziwa. Wina akakana kucita nawo, ati, "Ukudziyesa woyera, ufuna kutiphera malonda." Mawa lake palibe womupatsa moni, palibe womuyang'anira tebulo akapita kukadya. Miyala ya pawindo ya masiku ano ndi imeneyo.

Ciyeso cacikulu ca adotolo cinacokera m'banja. Apongozi awo, a Morten Kiil, mwini wa kofufutira zikopa, anatenga ndalama zimene zinali colowa ca mwana wao Katherine ndi adzukulu n'kugula masheya a malo osambira aja. Tanthauzo lake, adotolo akapitiriza kunena kuti madzi ndi oipa, akuwononga colowa ca ana awo omwe. Anagwedezeka, koma anakana kusintha mau. Sanathawenso m'tauni, anatsala kuti aziphunzitsa ana awo pamodzi ndi ana osauka a m'misewu.

Cinthu cimodzi ndikucenjezeni. Ibsen sanawapange adotolo kukhala mngelo. Atakwiya pamsonkhano paja, anayamba kunyoza anthu wamba ngati opanda nzeru, ndipo ngakhale amene akanamvera anatseka makutu. Munthu angakhale wolondola pa nkhani ya madzi, koma n'kulakwa pa kakambidwe. Coonadi cokambidwa monyada cimangopatsa anthu cifukwa cocikanira. Ukaima wekha, imira anthu omwewo amene akukuponya miyala, kaili madziwo adzamwa ndi ana awo.

Cikumbumtima ndi mboni imene Mulungu anaika mwa aliyense, ndipo siyendera mavoti. Mwina kunchito kwanu, m'komiti, m'banja, ngakhale mumpingo, pali madzi ena amene mukudziwa kuti ndi oipa, koma onse agwirizana kukhala cete. Sindikuti ndi capafupi, mwandi. Werengani mtengo wake, funsani nzeru, kambani mofatsa, koma kambani. Ndipo ngati pali wina amene waima kale yekha, musamusiye. Horster sanali dotolo, anangotsegula citseko ca nyumba yake.

Ambuye atipatse mtima wolimba ndi lilime lofatsa. Mukhale ndi tsiku labwino. Amen.