Thumba la mchenga kuseri kwa nyumba

Kuseri kwa nyumba ya mlongo wanga, pa boma la Mchinji, kuli mtengo wa mango umene nthambi yake imodzi sidabereke chaka chino. Pa nthambi imeneyo pali thumba la feteleza lodzaza mchenga ndi utuchi, ndipo m'bandakucha uliwonse, anthu asanayambe kusesa pabwalo, thumbalo limalandira nkhonya za mwana wake wachisamba. Maluwa onse adayoyoka ndi kugwedezekako. Mnyamatayo ali ndi zaka 19. Masana amapalasa kabaza pamsewu wopita kuchipata cha Mwami, ndipo mapewa ndi akatumba ake akuchitira umboni ntchitoyo. M'manja amakulungamo nsanza za chitenje chakale cha mayi ake.

Mwezi watha adabwera kwathu madzulo, nakhala pansi pakhonde, nadikira kuti ndimalize tiyi.

"Amalume, mundithandizeko ndalama ya basi. Ndikufuna kupita ku Lusaka."

"Kukatani ku Lusakako?"

"Kukaphunzira nkhonya. Kuno ndilibe womenyana naye."

Ndidaseka, poti aliyense amene adakhalapo pamsika wa Kamwendo nthawi yogulitsa mtedza akudziwa kuti ofuna ndewu sasowa kuno. Iye sadaseke. Adangoyang'ana pansi, ndipo ndidazindikira kuti mawu akewo adawaganizira masiku ambiri. Inu akunyanja mukudziwa udindo wa malume pa mbumba yake: mwana wa mlongo wako akapunthwa, funso loyamba limafika kwa iwe. Ndidamuuza kuti ndimva kaye maganizo a mayi ake. Kunena zoona, ndinkafuna nthawi yoti ndimve anga omwe.

Nkhonya za ku Zambia sizachilendo kwa ife a m'malire. Tidakula wailesi ya ku Lusaka ikumveka bwino m'nyumba zathu, ndipo ngwazi ya ubwana wathu idali Lottie Mwale, amene ankamutcha Gunduzani. Adabadwira ku Kitwe, kumigodi ya kopa, koma dzina loti Mwale lidatikwanira kuti timuyese wathu. Atatenga lamba wa Commonwealth mu 1979, mnyamata aliyense wa pasukulu pathu amene adagwetsapo mnzake pa nthawi yopuma adasanduka Lottie. M'mwezi wa Novembala 1980 adapita ku San Diego kukalimbirana lamba wa dziko lonse wa WBC ndi Matthew Saad Muhammad, ndipo adagwa mu raundi yachinayi. Ndikukumbukira bambo anga akuzimitsa wailesi osanena kanthu. Apo ndinkakhulupirira kuti ngwazi imangobadwa, monga mwana wobadwa ndi zala zisanu ndi chimodzi. Padatenga zaka kuti ndione kuti akatswiri a nkhonya kawirikawiri amabwera m'magulu, ndipo magulu amenewo amachokera m'timisewu towerengeka ta mizinda ikuluikulu.

Malo otchuka kwambiri a mtundu umenewu mu Africa muno ndi Bukom, dera lothithikana la m'mbali mwa nyanja mumzinda wa Accra ku Ghana. Ndi kwa asodzi a mtundu wa Ga. Mabwato, maukonde oyanikidwa, utsi wa nsomba zowamba: munthu wa ku Makanjira kapena ku Senga Bay akadafikako sakadafunsa kuti anthu akumeneko amadya chiyani. Dera laling'onolo limatchulidwa pamodzi ndi David Kotei, uja ankamutcha D.K. Poison, amene mu 1975 adakhala Mghana woyamba kutenga lamba wa dziko lonse atagonjetsa Rubén Olivares wa ku Mexico. Limatchulidwa ndi Azumah Nelson, amene mu Disembala 1984 adakagwetsa Wilfredo Gómez kwawo komwe ku Puerto Rico. Patatha zaka khumi Ike Quartey adatenga wake, ndipo pambuyo pake padabwera Joshua Clottey ndi ena. Anthu a Ga adali ndi mwambo wawo wa ndewu za zibakera kalekale magolovesi asanafike, choncho nkhonya zachizungu zidapeza nthaka yolimidwa kale.

Chimene chimandikopa pa Bukom si mayinawo ayi, koma usodziwo, chifukwa umandithandiza kumvetsa dandaulo la mphwanga. Mwana wa pagombe saphunzira kupalasa bwato kusukulu. Amaona akuluakulu akukankhira mabwato m'madzi, amatumidwa kukapungula madzi, amagwira chingwe cha khoka manja akadali anthete, amamva asodzi akutsutsana za mwera ndi mpoto, ndipo pofika zaka khumi ndi zisanu amadziwa zinthu zimene palibe adakhala naye pansi kumuuza. Akafuna kulowa m'gulu la chilimira, gululo lilipo, siginala alipo, wogula usipa akudikira kumtunda. Mwana wa ku Mchinji, ngakhale atakhala wamphamvu kuposa onsewo, atasema bwato lokongola chotani, bwato lakelo lidzangokhala pamtunda nkhuku zikuikiramo mazira. Thumba la mphwanga ndi bwato lotero. Silibwezera. Silimuphunzitsa kubisa chibwano, silimulanga akatsitsa dzanja lamanja, silimunamiza ndi phewa. Mnyamata wa ku Bukom akatuluka m'nyumba amapeza anzake khumi a sikelo yake oti ayesane nawo, wina wamanzere, wina wamtali, wina wothamanga. Amapeza mkulu amene adamenyapo nkhonya kale, amene tsopano ntchito yake ndi kuima pambali n'kumakalipa. Ngakhale amayi ogulitsa nsomba amadziwa kusiyanitsa nkhonya yabwino ndi yongoponya.

Nkhani imene imaonetsa bwino mphamvu ya dera idachitika ku Mdantsane, lokeshoni yaikulu ya pafupi ndi East London ku South Africa, imene boma la tsankho lidamanga m'zaka za m'ma 1960 kuti likankhireko anthu akuda. Mu 1990 Welcome Ncita, wophunzitsidwa ndi Mzimasi Mnguni, adatenga lamba wa dziko lonse wa IBF. Kumapeto kwa 1992 Kennedy McKinney wa ku America adamulanda lambayo. Mu 1994 Mnguni adatulutsa mnyamata wina wa m'khola lomwelo, Vuyani Bungu, amene anthu ambiri akunja sankamuwerengera. Bungu adagonjetsa McKinney, nabweza lambayo kumudzi, namuteteza maulendo 13. Munthu mmodzi adagwa, koma lokeshoni idali ndi wina kumbuyo kwake, amene adakhala akuonerera ndi kuphunzira. Kumeneko n'komwenso kudachokera Zolani Tete, amene mu 2017 ku Belfast adathetsa nkhonya yolimbirana lamba m'masekondi 11 okha.

Mphwanga sadziwa zambiri za Mdantsane. Iye amadziwa Mtendere, komboni ya ku Lusaka kumene kudakulira Esther Phiri, mtsikana wogulitsa pamsika amene Anthony Mwamba adamuphunzitsa mpaka dzina lake lidadziwika m'nyumba iliyonse ya ku Zambia. Amadziwa Catherine Phiri, amene mu Januwale 2016 adapita ku Mexico nakatenga lamba wa WBC kwa Yazmin Rivas. Makanema awo ali m'foni mwake. Lilongwe ili pa mtunda wa makilomita opitirira pang'ono 100 kuchokera pano, pamene Lusaka ili pafupifupi 600, koma mwana wa m'malire maso ake amayang'ana kumene kukuchokera phokoso. Ndipo mayinawo, Phiri, Phiri, Mwale, amamuuza kuti akumeneko ndi anthu ngati iye, olankhula chinenero chake.

Ndidadzifunsa kuti Bukom wathu ife Amalawi ali kuti. Luso lilipo, ndipo lidaonekera kale. Tatu Chionga adabwera ndi mendulo ya bulonzi kuchokera ku masewero a Commonwealth a ku Edinburgh mu 1970, ndipo mu 1986, mumzinda womwewo, Lyton Mphande ndi Solomon Kondowe adachita chimodzimodzi. Anisha Basheel adatenga lamba wa Commonwealth mu Juni 2018 atathana ndi Sam Smith mu raundi yoyamba ku York Hall, holo yakale ya ku Bethnal Green, dera la London limene nalonso ndi la ankhonya. Koma ndikalingalira bwino, ntchito imene lokeshoni imagwira kwina, kuno kwathu yakhala ikugwiridwa kwambiri ndi mabalaki a asilikali. Kumeneko n'kumene anyamata olimba amakhala pamodzi ambiri, amadya mokwanira, amadzutsidwa nthawi imodzi, ndipo pakutha pa mwezi amalandira malipiro kaya apambana kaya agonja. Wopanda yunifomu amayenera kudzipezera yekha dera lake. Isaac Chilemba adabadwira ku Blantyre, koma adakhwimira ku Johannesburg, ndipo kuchokera kumeneko ndi pamene adafika pomenyana maraundi onse 12 ndi Sergey Kovalev ku Russia mu 2016. Timamunyadira, ndipo n'koyenera, koma anzake omwe ankamutupitsa maso pokonzekera sadali a ku Ndirande.

Choncho mphwanga akunena zoona. Apa ndiye pali vuto langa, pakuti akadakhala kuti akulakwitsa ndikadamukaniza mosavuta.

Mlongo wanga nditamufotokozera, adayamba waumitsa nkhope. Adandikumbutsa zimene tonse tidaphunzira kumadrasa za ulemu wa nkhope ya munthu, ndipo ndidalibe chomutsutsa nacho, ngakhale kuti m'nyumba ya bambo athu dzina la Muhammad Ali linkatchulidwa ngati la mbale. Kenaka adafunsa funso limene ine ndinkalizemba.

"Achimwene, mwanditchulira anthu asanu, asanu ndi mmodzi. Nanga anzawo amene ankamenyana nawo tsiku ndi tsiku aja ali kuti?"

Funsolo lidandikhala pamtima. Dera limatulutsa ngwazi imodzi chifukwa lili ndi anyamata mazana oti ngwaziyo iphunzirirepo. Mpeni umanoledwa pamwala, ndipo mwalawo umatha. Tikamatamanda Bukom kapena Mdantsane timawerenga malamba, koma palibe amasunga kaundula wa amene adabwerera kunyumba ali ndi zaka makumi atatu, lilime likulemera, manja akunjenjemera, alibe luso lina. Ndiponso madera amenewa amafanana pa chinthu china chimene sitikonda kuchitchula: ndi malo amene makomo ena adatsekeka. Brownsville, dera la New York kumene kudakulira Mike Tyson ndi Riddick Bowe, silidatchuke ndi chuma. Mwana wokhuta sakonda kumenyedwa pamphuno.

Ngakhale ngwazi zomwezo mathero ake si onse okoma. Lottie wathu adamwalira mu 2005 atavutika ndi matenda a Parkinson, omwenso adagwira Ali kwa zaka zoposa makumi atatu. Saad Muhammad, amene adamugwetsa usiku uja ku San Diego, adafika pogona m'nyumba yosungiramo anthu osowa pokhala ku Philadelphia, mzinda wake womwe, asanamwalire mu 2014. Wopambana ndi wogonja. Izi ndidamuuza mphwanga mosabisa, tsiku limene adabweranso kudzamva yankho.

Adamvetsera mpaka ndidamaliza. Kenaka adatambasula manja ake, nandionetsa zikhatho zouma ndi chiwongolero cha njinga.

"Amalume, kabaza nayenso amatha munthu. Mawondo a anzanga amene adayamba kale mwawaona. Kusiyana kwake n'koti kabaza alibe lamba."

Adaonjeza kuti mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi. Ndidamuyankha kuti mwambiwo amaukonda ndi ana a ng'ona amene sadakumanepo ndi ng'ona zinzawo. Koma mumtima ndidadziwa kuti sindinamugonjetse. Ine ndidakhala ndi mwayi wa sukulu ndi ntchito ya pamwezi, ndipo n'chapafupi kwa munthu wotero kulangiza mnyamata kuti asunge mutu wake, pamene ndilibe china chomupatsa choti achite ndi mutuwo. Mayeso a Fomu 4 sadakhoze bwino. Munda wa mayi ake ndi maekala awiri, ndipo ali ndi azing'ono atatu.

Ndalama ya ku Lusaka sindidampatse. Kumeneko alibe pofikira, ndipo komboni imene imalera ana ake siikhala ndi mangawa kwa mlendo. Ikhoza kumulandira ngati mwala wonolerapo basi. Ndidamuuza kuti tikagulitsa mtedza tidzakwera minibasi tonse awiri kupita ku Lilongwe, kumene kuli msuweni wathu amene angamusunge, ndipo tidzafunafuna malo amene ankhonya amaphunzirira. Ndikufuna ndikaone ndi maso anga mphunzitsi wake, ndikaone ngati amaletsa nkhonya mnyamata akazunguzika kapena amangoti pitiriza. Ndikufuna mphwanga akamenyedwe kamodzi ndi munthu wodziwa, ine ndili pomwepo, kuti tonse awiri tidziwe chimene tikukambirana. Ndipo masana azikaphunzira kuwotcherera zitsulo, pakuti pamenepo mayi ake sadalole kukambirana.

Sadakondwe, koma sadakane. Mlongo wanga nayenso sadakondwe. Adangoti ngati mwana wake adzabwere mphuno itapindika, adzamutumiza kwa ine kuti ndizimudyetsa.

Dzulo m'mawa ndidadutsa kwawoko. Iye adali atapita kale kuchipata ndi njinga yake. Pansi pa mango padali tiana tinayi ta m'nyumba zoyandikana, wamkulu wa zaka ngati zisanu ndi zinayi, titakulunga manja m'mapepala a shuga. Tinkasinthana pa thumba lija, ndipo kamodzi kadaima pambali, manja kumbuyo, kakukalipira anzake kuti abise chibwano.