Olera Ana a Mpira

Ndikaona anyamata a ku Nabvutika akulimbirana mpira madzulo, ena opanda nsapato, golo lawo lili miyala iwiri, mtima wanga umanka kwa Fashion Sakala, mbadwa ya kuno ku Chipata, amene anadzera ku Nchanga Rangers ndi Zanaco, napita ku Spartak Moscow mu 2017, kenaka Oostende, Rangers ya ku Glasgow mu 2021, kufikira Al-Fayha ya ku Saudi Arabia mu 2023. Dzina lake lamveka kutali, ndipo tikondwera naye. Koma olera ana otere pa mabwalo a fumbi sakumbukiridwa konse.

Lamulo la FIFA likuti wosewera akagulitsidwa kudziko lina, magawo 5 mwa 100 a mtengo wake agawidwe kwa matimu amene anamphunzitsa kuyambira zaka 12 kufikira 23. Komatu cholowa chimenechi chimagwera okhawo amene analembetsa mwanayo m'kaundula wa bungwe la mpira la FAZ. M'mera mpoyamba, anatero akale. Chifukwa chake ndikupemphani, inu aphunzitsi a matimu a m'makomboni, ngakhale musowa jezi ndi ndalama ya basi, lembetsani anawo chaka chino, asanadze osaka osewera ochokera ku Lusaka nkuwatenga ulele.