Ku Luchenza, Kumene Chiperoni Chiphunzitsa Kuluka

Munthu wochokera ku Limbe pa msewu wa ku Mulanje adzera pa Bvumbwe ndi pa boma la Thyolo, natsika pakati pa minda ya tiyi yosalala ngati yometedwa ndi lumo, kufikira aloŵa m'Luchenza. Tauni imeneyi inakula chifukwa cha njanji, pakuti sitima ya Shire Highlands Railway, imene inafika ku Blantyre m'chaka cha 1908, inali kuima pano kunyamula tiyi. Kum'maŵa kuoneka phiri la Mulanje, limene nsonga yake, Sapitwa, italika mamita 3,002.

Ife tinafikako m'mwezi wa June, nyengo ya chiperoni, ndiye mvula yowaza ndi nkhungu imene dzina lake lichokera ku phiri la Chiperone ku Mozambique. M'miyezi imeneyi tiyi saphukira kwambiri, ntchito yothyola ichepa, ndalama nazonso zichepa m'makomo, koma kuzizira ndiye kuchuluka. Chifukwa chake banja lokhala ndi munthu wodziŵa kuluka majuzi lili ndi chuma.

Pakhonde la nyumba ina tinapeza amayi a Mvano alikuphunzitsa atsikana. Mmodzi wa atsikanawo anali atadziŵa kale kuluka kwamba, ndipo tsopano anafuna kulukira mlongo wake wamng'ono juzi ya mitundu iŵiri. Ulusi anaupeza pomasula majuzi aŵiri akale a pa kaunjika, nauchapa kuti uwongoke.

Malukidwe osakaniza mitundu atchuka ndi dzina la Fair Isle, kachilumba ka ku Shetland, kumpoto kwa Scotland, ndipo anamveka ponseponse m'chaka cha 1921 pamene Prince of Wales, amene pambuyo pake anakhala Mfumu Edward VIII, anavala juzi yotere. Lamulo lake ndi ili: mzere umodzi usapitirire mitundu iŵiri. Ulusi umene sukulukidwa uyenda kumbuyo kwa nsalu kudikira nthaŵi yake. Ukaukoka kwambiri, juzi ichita makwinya, ndipo ukaulekerera, uleŵeŵa nukola zala za mwana povala. Tsono woluka ayenera kuukoloŵeka ku unzake asanadutse masitichi oposa asanu.

Mtsikanayo analuka mizere inayi, koma nsalu inakwinyika ngati tsamba louma. Mayi wachikulire anaitenga, naitambasula pabondo, nati, "Mwanangu, manja ako ali ndi liwiro. Masula, uyambenso. Tambasula masitichi pa singano usanasinthe ulusi."

"Agogo, ndimasule yonseyi?" anafunsa iye mwachisoni.

"Inde, yonse. Kuona maso a nkhono n'kudekha."

Pambali pake mayi wina anali kuonetsa luso lachiŵiri, ndilo la kuluka zingwe zopotana pa juzi, zonga tsitsi loluka bwino. Luso limeneli lidziŵika ndi zilumba za Aran, kumadzulo kwa Ireland, kwao kwa asodzi a m'nyanja yozizira. Munthu poliona ayesa ndi lovuta, koma chinsinsi chake chili pa singano yachitatu, yaifupi. Woluka achotsa masitichi atatu naŵasunga pa singano imeneyi, aluka atatu otsatira, kenaka abwerera kuluka atatu osungidwa aja. Akaŵasunga kumaso kwa nsalu, chingwe chipendekera kumanzere, ndipo akaŵasunga kumbuyo, chipendekera kumanja. Atero pa mzere uliwonse wachisanu ndi chimodzi kapena wachisanu ndi chitatu, kotero kuti woiŵala kuŵerenga mizere aona chingwe chake chitakhota. Posoŵa singano ya kusitolo, amayiwo anali kugwiritsa ntchito kamtengo kansungwi kosongoka konsekonse.

Ena anganene kuti zonsezi n'zokometsera chabe. Iai, si choncho. Ulusi woyenda kumbuyo uja uchititsa nsalu kukhala yophatikiza paŵiri, ndipo zingwe zopotana zithinitsa juzi niikhuthala, kotero kuti mphepo siloŵa msanga. Anthu a pa zilumba zija anali kulimbana ndi mphepo ya panyanja, monga momwe mwana wa ku Luchenza alimbana ndi chiperoni popita kusukulu m'mamaŵa. Komabe woyamba kumene adziŵe kuti malukidwe aŵa adya ulusi wambiri, ndiponso kuti zingwe zichepetsa juzi m'lifupi. N'chifukwa chake n'kwanzeru kuyamba waluka kansalu kakang'ono koyesera, ndi kukapima, asanayambe juzi yeniyeni. Ndi bwinonso kuyambira pa chipeŵa cha khanda, chimene chitha msanga ndi kulimbitsa mtima wa wophunzira.

Tsono inu makolo, ngati m'nyumba mwanu muli agogo odziŵa luso limeneli, musalole kuti apite nalo kumanda. Ndipo inu achinyamata, atsikana ndi anyamata omwe, khalani pansi pafupi nawo nthaŵi ikalipo. Singano zitatu ndi ulusi wa juzi yakale sizifuna ndalama zambiri. Chofunika ndicho kuŵerenga bwino, kusatopa pomasula, ndi kuyamba ntchito dzinja lisanathe, kuti pofika June ana akhale atafunda kale.