Njanji Yakale ya ku Missouri

Nditapita kukacheza kwa achemwali anga ku St. Louis, tsiku lina m'mawa ananditenga kukayenda pa Katy Trail, kuyambira m'tauni ya St. Charles. Kale munkadutsa sitima m'menemu. Njanji anazula n'kuthira timiyala, ndipo njirayo, ya makilomita pafupifupi 390, mbali yaikulu imatsata mtsinje wa Missouri. Zitunda mulibe. Ndinaona agogo oyendera ndodo akuyenda bwinobwino, opanda galimoto yowaopseza. Ine amene ndimauma pakhosi kuuza odwala shuga kuti aziyenda tsiku lililonse, ndinasirira.

Titatuluka m'tauni, njira inalowa pakati pa minda ya chimanga, ndipo m'pamene achemwali anandiuza za mkangano. Makolo a alimi ena sanagulitse malowa. Anangolola kuti sitima izidutsa, ikadzasiya malo abwerere. Madzi osefukira atawononga njanji mu 1986, kampani inaisiya, eni minda nayembekezera kulandira zawo. Koma lamulo la 1983 limalola kusunga njanji yosiyidwa ngati njira ya anthu, ati mwina sitima idzabweranso. Mu 1990, pa mlandu wochokera ku Vermont, khoti lalikulu la America linavomereza lamuloli, koma linati wodandaula angathe kukapempha chipukutamisozi. Alimi a ku Missouri anasuma, ena ndalama analandira. Malo sanabwerere.

Mlimi sindingamunene kuti ndi wouma mtima. Munda wa makolo umawawa. Pobwerera ndinayenda pakati penipeni pa njira, osakhudza ngakhale tsamba la chimanga.