Ku Chiwalo ndiwo zamasamba ndi za nyengo yachisanu

Mayi wina wogulitsa masamba mu msika wa Limbe adandiuza kuti mpamba wake udathera ku Phalombe. Adamva kuti kunyanja ya Chilwa ndiwo n'zotchipa, nanyamuka mu Novembala. Adabwerako ndi dengu la mpiru wofota. Ndiye ine ndidapita kwa Chiwalo kukadzionera ndekha.

Mukatsika pa Migowi mumakwera njinga ya kabaza kulowera ku Nambazo, phiri la Michesi likutsalira kumbuyo. Dziko lake ndi lathyathyathya, dothi lakuda la makande lomwe limang'aluka likauma. Musanamizidwe abale, kuno si kozizira chaka chonse. Chisanu chimabwera ndi mphepo ya mwera kuyambira Meyi mpaka Julayi, ndipo m'mawa mumachita kufunda chitenje chachiwiri. Ikafika Okutobala, dzuwa lake ndi la mtima bii.

Chuma cha dimba chagona pa miyezi yozizirayo. Mpunga ukakololedwa, madzi amayamba kubwerera kunyanja n'kusiya chinyontho m'madambo. Pamenepo mpiru, repu, chayinizi ndi kabichi zimakula masamba aakulu, tizilombo tili tochepa. Anyezi nayenso amakonda kuyamba moyo wake kukuzizira. Matimati amabereka bwino, koma msewu wa mabampu umawaphwanya, choncho pikulani ongoyezuka kumene, osati opsa. Kukatentha zimatsala ndi zolimba mtima: therere, bonongwe, nkhwani, kholowa ndi mavwende.

Alimi amadandaula chinthu chimodzi. Chilwa ilibe mtsinje wotulutsa madzi, motero madzi ake ndi amchere pang'ono, ndipo zitsime zoyandikira gombe zimapsereza mbande. Nyanjayonso ndi yosadalirika. Idaphwa mu 1968 ndi 1995, ndipo mu 2018 mbali yaikulu idasanduka fumbi. Kenaka mu Malichi 2023 namondwe wa Freddy adamiza minda yambiri m'boma lonseli.

Nanga zipatso? Mango ndi mapapaya alipo m'makomo. Koma wofuna nanazi ndi mapeyala asataye ndalama ya kabaza, zimenezo ndi za m'munsi mwa phiri la Mulanje komwe mvula ndi yambiri.

Mayi uja ndamuuza kuti akayeserenso mu Julayi kapena Ogasiti, afike tambala asanalire kachiwiri, masamba akadali ndi mame. Matemba ouma akagule omaliza, ndipo akawaike m'thumba lawolawo.